Ngowe ya ku Joni

Kwathu ku Chiwalo amanditcha dokotala wa zitsulo. Njinga ikayamba kulira pa foloko amabwera nayo kwa ine, mwini chigayo akakayikira shafiti amatumiza uthenga, ndipo ine ndimapita, n'kuyang'ana, n'kunena zimene ndaona. Sindikudzitama, zitsulo ndimazidziwadi. Koma dzinali silinditsekemera, chifukwa tsiku limodzi lokha limene kudziwa kwangaku kunafunikadi, ndinatseka pakamwa. Munthu wosalakwa, alamu anga a Fesitoni, anachoka pamudzi atasenza mlandu wanga, ndipo anausenza zaka zambiri ine ndikudya bwinobwino.

Ndinapita ku Joni matipate atangoyamba kumene. Njira ya makolo athu ija, yolembetsa dzina n'kukwezedwa ndege ya kumigodi, inali itatsekeka kale, ndiye ife tinkangodzipitira, pasipoti m'thumba, basi yodzera ku Tete. Kumudzi ndinasiya amayi, mlongo wanga Esinati ndi mng'ono wanga Lafayelo. Esinati anali atakwatiwa ndi a Fesitoni a ku Migowi, amene anadzamanga nyumba kwathu pa chikamwini monga timachitira, ndipo unkhoswe wa banja lawolo unali m'manja mwanga. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Lute, amene anali atangoyamba kumene sukulu.

Lafayelo ndi a Fesitoni ankakumba zitsime limodzi. Lafayelo, woonda ndi wolongolola, ndi amene ankalowa m'dzenje ndi piki. A Fesitoni, munthu wa mapewa aakulu ndi mawu ochepa, ankatsala pamwamba kuzunguza mtengo wokulungira chingwe, kukweza ndowa yodzaza dothi ndi miyala n'kuitsitsanso. Ntchito imeneyi imafuna kukhulupirirana, chifukwa wapansi moyo wake wonse umakhala m'manja mwa wapamwamba. Awiriwa ankagwirizana ngakhale kuti wina ankalankhulira onse.

Tsiku lonyamuka Lafayelo anandikweza pa njinga mpaka ku Migowi. Tikudikira minibasi anandikokera pambali.

"Achimwene, anzanu akapita ku Joni amabwera ndi wailesi ya makaseti ndi jekete lachikopa. Ine zimenezo musavutike nazo. Mukandipezere tcheni ndi ngowe yeniyeni yokolera ndowa, ija yotseka pakamwa. Izi zopinda ndi hamala pamsikazi ndatopa nazo, zimawongoka ndowa ili m'malere."

"Ngowe yokha? Nsapato ayi?"

"Nsapato m'chitsime ndikapondera chiyani? Ngowe basi."

Chaka choyamba sindikonda kuchifotokoza. Ku Joni kumene tinkakuona pa zithunzi za anzathu, atatsamira galimoto za eni ake, ndinakupeza kuli kuzizira, apolisi ndi maganyu. Ndinasenza njerwa, ndinatchetcha kapinga, ndinasambitsa agalu amene ankadya bwino kuposa ine. Ndinkagona ku hositelo ina kum'mawa kwa mzinda, chipinda chimodzi anthu asanu ndi mmodzi, mabedi osanjikiza, aliyense mapepala ake pansi pa pilo. Eni dziko akatimva tikulankhula chathu ankatitcha makwerekwere, ndiye tinaphunzira kusatsegula pakamwa m'takisi. Kalata zopita kwathu ndinkalemba kuti zonse zili bwino, ntchito ili pafupi kupezeka.

Amene ananditola ndi Alumando, wa ku Mozambiki, kuseri kwa phiri lathu lomweli. Tsiku lina pampopi wa hositelo sopo anamupulumuka m'manja n'kugwera m'ngalande, ndipo anatukwana m'Chilomwe mawu amene amayi akanandimva ndikuwatchula akanandiomba mbama. Ndinaseka, iye anatembenuka, ubale unayambira pomwepo. Tinayamba kuphikira poto mmodzi ndi kudyera mbale imodzi. Tikapeza nandolo wa kwathu kwa matransipota, aja onyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kumudzi, tinkadya mwakachetechete ngati tili m'tchalitchi. Nditadwala chifuwa nthawi yozizira anandifunditsa bulangete lake, iye n'kugona ndi ovolosi. Ndi iyeyu amene anandilowetsa ntchito kumene ankagwira.

Anali malo oyesera zitsulo. Migodi ndi mafakitale ankatumiza kumeneko zingwe za waya, matcheni, ngowe ndi mabawuti kuti akatswiri aone ngati zingagwirebe ntchito. Tsiku loyamba ndinaganiza kuti ndafika kwa amisala, chifukwa anthu ophunzira, ovala makhoti oyera, ankathyola dala zinthu zabwinobwino n'kumalemba m'mabuku. Panali makina amene ankagwira chitsulo uku ndi uku, n'kumakoka, kusiya, kukoka, kusiya, tsiku lonse, sabata yonse, mpaka chitathyoka. Ine ndi Alumando ntchito yathu inali kunyamula, kutsuka, kumangirira pa makina ndi kusesa.

Woyang'anira gawo lathu anali injiniya wina, mayi wachimwenye, wamfupi, wosaseka wamba. Tinkamutcha Mayi Magalasi. Mwayi wanga unali woti ankakonda kuphunzitsa, ngakhale wosesa. Tsiku lina anandipatsa kawaya n'kundiuza kuti ndikadule ndi manja. Ndinakoka mpaka zala kuwawa, osaduka. Ndiye anati ndikapinde, ndikawongole, ndikapindenso. Sindinapinde kambiri, kanaduka.

"Mphamvu zako sizinawonjezereke," anatero m'Chingelezi chake chothamanga. "Wayayu watopa. Chitsulo chimatopa."

Ndinaseka, ndinati chitsulo chilibe magazi, chitopa bwanji. Iye sanaseke. Anatenga bawuti wothyoka n'kundionetsa pothyokapo pansi pa galasi lokulitsa. Mbali ina panali posalala, pali timizere tozungulira ngati ta pa chigoba cha nkhono. Mbali inayo panali pokhakhala, powala. Anati posalalapo ndi pamene mng'alu unayenda pang'onopang'ono, miyezi kapena zaka, ndipo pokhakhalapo ndi pamene kachitsulo kotsalako kanalephera n'kuthyoka kamodzi. Kunja bawutiyo ankaoneka wathunthu mpaka tsiku lomaliza.

Zinandilowa m'mutu zinthu zimenezi, ine wothawa masamu ku pulayimale. Ine ndi Alumando tinkapikisana kulosera tsiku limene chitsulo chili pa makina chidzathyoke, wolephera n'kutsuka mbale Lamulungu. Pakutha pa chaka mbale ankatsuka ndi iye yekha. Ndinkamva kulira kwa makina kukasintha pang'ono, n'kunena kuti chimenechi sichifika Lachinayi, ndipo sichinkafikadi.

Mayi Magalasi anandiphunzitsanso kusaka mng'alu umene maso sangauone. Umatsuka chitsulo, n'kuchipopera mankhwala ofiira, n'kudikira, n'kupukuta, kenako n'kupopera ufa woyera. Ngati pali mng'alu, mankhwala amene analowa mkati amatulukira pa ufapo, kamzere kofiira ngati pamene wadzicheka ndi lezala. Chopezeka ndi kamzere kotere chinkapakidwa penti wofiira, ndipo lamulo linali limodzi: chidulidwe ndi moto wa gasi tsiku lomwelo, chisadzagwirenso ntchito kwina kulikonse. Patapita nthawi ntchito yodulayo inakhala yanga. Ndikunena zonsezi kuti pasapezeke wondichitira chifundo n'kumati mwina sankadziwa. Ndinkadziwa.

Ngowe ija inabwera ndi zinzake kuchokera ku fakitale ina kumene inkanyamula mainjini. Inali yokongola, ndikuuzeni. Yodzaza bwino m'dzanja, yotseka pakamwa ndi sipiringi, khosi lake lozungulira. Nditangoiona ndinaona Lafayelo. Tinaipopera mankhwala, ndipo mkati mwa popindika munatuluka kamzere kofiira, kakafupi, kochepa ngati tsitsi. Mayi Magalasi anakayang'ana, analemba m'buku, n'kundilozera penti. Ndinaipaka, ndinapita nayo kuseri kumene tinkadulira, zinzake zonse ndinadula, iyo ndinaikankhira pansi pa benchi.

Alumando anandiona.

"Achimwene, chofiira n'chofiira," anatero.

"Aise, iyi inkanyamula injini. Kwathu ikukanyamula ndowa ya dothi. Ndowa ndi injini n'zofanana?"

"Ndiye mulembe m'kalata kuti ili ndi mng'alu. Akadziwe okha chochita."

"Ndilemba."

Sindinalembe. Munthu ungatumize bwanji mphatso ya ku Joni n'kulemba kuti ndi yotola pa zotaya? Ndinaitulutsa pageti m'chikwama cha chakudya. Ku hositelo ndinafufuta penti wofiira uja ndi thina, n'kupaka wachikasu, wonyezimira, kawiri. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti sitolo zogulitsa ngowe zatsopano ndinkazidziwa, ndipo tcheni ndinagula komweko. Koma ngowe za m'sitolozo zinali zazing'ono, zosapatsa chidwi, ndipo ine ndinkafuna kuti anthu a ku Chiwalo akaiona agwire pakamwa. Ndinaikulunga m'bulangete limene ndinagulira amayi n'kupereka kwa transipota.

Anagwiradi pakamwa. Lafayelo analemba kalata ya masamba awiri, zilembo zake zokwera ndi kutsika zija. Anati anthu akumabwera kudzangoiona, akumaitcha ngowe ya ku Joni, ndipo ofuna chitsime akumanena kuti tikufuna anyamata a ngowe yachikasu. Anati tsopano akakhala pansi pa dzenje amaimba nyimbo, sayang'ananso kumwamba. Kalatayo ndinaiwerenga mokweza m'chipinda, anzanga n'kumandiyamikira, koma mawu akuti sayang'ananso kumwamba ndinawalumpha. Alumando anali kusenda anyezi ndipo sanadzutse mutu.

Ndinapita kumudzi kamodzi pa Khirisimasi, nditavala jekete lachikopa, dzuwa likuswa mtengo. Ngowe ndinaipeza itapachikidwa pakhoma m'nyumba ya Lafayelo, yopakidwa girisi, penti atayamba kusupuka. Anandiuza kuti sikuti imangokweza ndowa: amazulira zitsa, amakokera miyala ikuluikulu, tsiku lina anatulutsira ngolo m'matope. Ndinaitenga n'kuyendetsa chikhadabo mkati mwa popindika. Chinakodwa. Mawu anafika mpaka pa lilime. Koma Lafayelo anali ataima pomwepo, mano onse panja, a Fesitoni ali pakhomo, amayi akudzitamira kwa alendo kuti mwana wawo amagwira ntchito ndi mainjiniya.

"Muziisamala," ndinatero, n'kuipachikanso.

Ndinadziuza kuti ndikabwerera ndikatumiza yatsopano, iyi ndidzangonena kuti yakalamba. Ndinabwerera, ntchito inachuluka, miyezi inapita. Ndikakumbuka ndinkati Loweruka likubwerali.

Chenjezo lina linanditsatira mpaka pantchito. Kunabwera chidutswa cha tcheni m'kathumba ka pulasitiki, atachibweretsa amuna ovala masuti. Chinali chitapha munthu pa mgodi wina. Mayi Magalasi atachipala anapeza kuti wina anaona mng'alu, n'kuwotcherera pamwamba, n'kupaka penti kuti pasaoneke. Ndinali ndisanamuonepo atakwiya choncho. Anavula magalasi n'kunena kuti chitsulocho sichinalakwe, chinapirira mpaka pamene chikanathera, koma wopaka pentiyo ndi amene akanakonda kumuona m'maso. Ine ndinali nditaima pambali pake ndi thireyi m'manja. Tsiku limenelo titaweruka ndinalembadi kalata, ndinati Lafayelo ngowe ija usiye kugwiritsa ntchito. Ndinaipinda, n'kuiika m'thumba la jekete kuti ndikaponye mawa, ndipo inakhala momwemo.

Uthenga unandipeza masana ndili pa makina. Anandiitanira ku ofesi kuti pali foni yochokera kwathu. Anali Esinati, akuimba kuchokera ku Migowi, mawu akumvekera patali. Anati Lafayelo watisiya, ndowa yodzaza miyala yamugwera m'chitsime ili pafupi kufika pamwamba. Sindinafunse kuti chathyoka n'chiyani. Ulendo wa basi unanditengera masiku atatu, ndipo ndinapeza ataika kale.

M'mawa mwake abale anasonkhana pakhonde pa amayi, ndipo ndi pamene ndinamva kuti nkhani yatenga njira ina. Sabata ya ngoziyo Lafayelo ndi a Fesitoni anali atakangana za malire a dimba, mkangano wamba wa anthu ogwira ntchito limodzi, koma anthu anaumva. Ndiye ngowe itatulutsidwa m'chitsime, aliyense anaona kuti pothyokapo mbali yaikulu ndi yosalala. Kwathu timadziwa kuti chitsulo chothyoka chimakhala chokhakhala, chopindika. Chosalala ndi chodula ndi macheka. Ndipo munthu amene ankagwira ngowe m'mawa uliwonse, amene anali yekha pamwamba tsikulo, mkamwini wobwera, anali mmodzi.

Amalume athu, amene ankayendetsa nkhaniyo, anamasula kansalu n'kundipatsa zidutswa ziwiri.

"Za kupolisi takana, maliro atikwana," anatero. "Koma inu ndi amene mumadziwa zitsulo, ndinunso nkhoswe. Tatiuzani. Chitsulo cha ku Joni chingathyoke chokha chonchi?"

Sipanafunike galasi lokulitsa. Timizere tozungulira tija tinali pomwepo, toyambira mkati mwa popindika, pakuda ndi dzimbiri, n'kumakula mpaka kupitirira theka. Kotsalako kunali kokhakhala, kowala. Macheka sasiya mizere yozungulira, amasiya yowongoka. Mayi Magalasi akanatha kuphunzitsira ana a sukulu chidutswa chimenecho.

A Fesitoni anali atakhala paokha pa dothi, manja pa mawondo. Maso anali ofiira, chifukwa ndi iwo amene analowa m'chitsime kukamutulutsa Lafayelo.

"Alamu, yang'anitsitsani," anatero. "Inu mwaphunzira. Yang'anitsitsani bwinobwino."

Ndinayang'ana amayi. Anali atatsamira chipupa, atafooka, ndipo chifikireni changa ankangondigwira dzanja n'kumati mwamuna wanditsalira ndiwe. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinachita zimene ndinachita chifukwa cha iwo, kuti asataye ana awiri sabata imodzi. Limenelo ndi bodza lovala bwino. Ndinkaopa. Ndinkaopa kuti anthu onse aja atembenuka n'kundiyang'ana ine mmene ankawayang'anira a Fesitoni.

"Ngowe iyi inkanyamula mainjini," ndinatero. "Ndowa ya dothi singaithyole."

Sindinanene kuti a Fesitoni anadula. Ndinasankha mawu ngati loya, ndipo pambuyo pake ndinkadzitonthoza nazo zimenezo. Koma panalibe amene anafuna kumva zoonjezera. Amayi analira, amalume anapukusa mutu, ndipo banja la mlongo wanga linathera pakhonde pomwepo, ine nkhoswe ndikuvomereza. Dzuwa lisanalowe a Fesitoni ananyamuka ndi khasu, mphasa ndi kachikwama ka zovala. Nyumba anamanga okha, dimba analima okha, koma mkamwini zimenezo amasiya, ndipo mwana amasiyanso. Lute anali ndi zaka ngati khumi. Anaima pakhomo osalira, chifukwa anali atauzidwa kale chimene bambo ake anachita.

Ndinabwerera ku Joni sabata isanathe. Alumando anandipepesa, anadikira masiku awiri, kenako anafunsa funso limodzi.

"Chinathyoka n'chingwe kapena ngowe?"

Ndinamuuza zonse, mpaka za pakhonde. Sanandikalipire. Anangoti, "Nanga alamu anuwo?" Kenako anatuluka, n'kubwera ndi mbale yakeyake. Tinakhalabe m'chipinda chimodzi zaka zina zitatu, tikupatsana moni, tikubwerekana machesi, koma sitinadyerenso limodzi.

Pantchito ndinasanduka wolusa. Chilichonse chofiira ndinkachidula katatu, kanayi, mpaka anzanga ankandiseka kuti ndikumaliza gasi. Tsiku lina ndinamufunsa Mayi Magalasi, ngati nkhani wamba, kuti ngowe yong'aluka ikamanyamula zopepuka ingakhalitse bwanji. Ndinkafuna andiuze kuti zaka makumi, kuti mwina pali china chinachitika. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti kulemera si nkhani yokha, madzi, dzimbiri ndi kugwedezeka zimaukuza mng'alu, ndipo palibe munthu angalonjeze tsiku. "N'chifukwa chake timadula," anatero, n'kupitiriza kulemba.

Kumudzi ndinasanduka malume wabwino. Yunifomu ya Lute, nsapato, mabuku, malata a nyumba ya Esinati, zonse zinkachokera kwa ine. Anthu ankati Esinati wataya mwamuna koma ali ndi mchimwene. Ndikabwera pa tchuthi Lute ankandithamangira kudzalandira chikwama, ndipo kwa anzake ankati awa ndiye bambo anga enieni. Ine ndinkamwetulira. Ku Migowi ndinkatsika minibasi n'kukwera njinga yakabaza mwachangu, osayang'ana uku ndi uku. Kamodzi kokha ndinawaona a Fesitoni chapatali, atasenza thumba pamapewa, ndipo ndinawerama n'kuyamba kumanga nsapato yomanga kale.

Ndinabwerera kwathu kotheratu maso atayamba kuchita chifunga, amayi atamwalira kale. Anapita akutemberera munthu wolakwika. Esinati ndinamupeza atakalamba kuposa zaka zake. Sanakwatiwenso, ndipo munthu woseka uja anali atasanduka wa mawu odula. Lute anali atakula, atapeza mnyamata wa ku boma, ndipo zokonzekera chinkhoswe zinali mkati. Tikukambirana za oitanidwa ndinafunsa, monga mwa mwambo, ngati titumize uthenga kwa bambo ake.

"Amalume, munthu amene anapha amalume anga a Lafayelo asadzaponde pano," anatero Lute. "Ndikamuona pamsika ndimawoloka msewu. Inu ndinu okwanira."

Anazinena mosakwiya, ngati akunena kuti kunja kwacha. Ndi kufatsa kumeneko kumene kunandigwetsa. Mwana anali atakula nalo bodza langa mpaka silinkamuwawanso, ndipo tsopano amafuna kulowa nalo m'banja, kuti adzawauze ana ake.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita ku Migowi. A Fesitoni ndinawapeza kuseri kwa sitolo ya ogula mbewu, akusoka matumba a nandolo ndi singano yaikulu. Mapewa aja anali atagwa, mutu uli mbuu ndi imvi. Zitsime anasiya kukumba chichokereni kwathu, chifukwa ndani akanalola kulowa m'dzenje iwo ali pamwamba? Atandiona anasuntha pa thumba kuti ndikhale.

"Alamu," anatero, ngati tinasiyana dzulo. "Kunyumba ali bwanji?"

Ndinawauza. Ndinayambira pa kamzere kofiira, penti, thina, chikhadabo changa pa Khirisimasi, kalata ya m'jekete, mpaka pakhonde. Ndinalira ngati mwana pamaso pa anthu onyamula matumba. Iwo anamvetsera singano ili m'manja, osandidula mawu.

"Ndinaona tsiku lija," anatero nditamaliza. "Mutagwira chitsulo chija nkhope yanu inasintha. Ndinati, alamu aona kanthu, andipulumutsa. Ndiye munalankhula."

"Mundikhululukire, alamu."

"Zimenezo tidzakambirana, sizithawa." Anabaya singano pa thumba. "Koma ine simunandiuze chachilendo. Kuti sindinadule ndakhala ndikudziwa tsiku lililonse. Mwabwera kwa munthu wodziwa kale. Osadziwa mwawasiya kwanu."

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Esinati ndi Lute anali pabwalo akusenda chinangwa cha makaka. Ndinakhala pansi, osati pampando, ndipo ndinanena zonse kachiwiri tsiku limodzi. Ulendo uno sindinalire. Ndinaona kuti misozi yanga ikhala ngati ndikupempha kuti andimvere chisoni.

Lute anasiya mpeni. "Munadziwa liti kuti ndi yong'aluka?"

"Ndisanaitumize."

"Ndiye tsiku lija pakhonde munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Nsapato zonse zija munkatumiza mukudziwa."

"Eya."

Anaimirira, anapukuta manja pa chitenje, anatenga njinga yanga osapempha, n'kulowera njira ya ku Migowi. Sanandiyang'ane. Tinatsala awiri, ine ndi mlongo wanga, nkhuku zikutola makoko. Ndinkadikira kuti andilalatire, andigende ndi chinangwa, chilichonse. Iye anatola mpeni wake n'kuyambanso kusenda pang'onopang'ono. Atamaliza chachiwiri analankhula, maso ali m'dengu.

"Tsiku limene a Fesitoni ankachoka anagwada pakhomo panga, achimwene. Analumbira pa mwana wathu kuti sanadule. Ine ndinawayankha kuti achimwene anga sanganame."